Wowerenga Mapazi

Anandipatsa jekete yachikasu, kachitsulo kodina ndi chala
ndi pepala la mizere iwiri:
uku oyenda pansi, uku apanjinga.
Ukaime pageti, anatero Mayi Hollis a ku khonsolo,
kuyambira sikisi mpaka teni.
Usakafunse munthu kanthu. Ukangowerenga.

Ndiye ndinaima. Bradford, mwezi wa Novembala,
mvula yake yosagwa, yongolendewera pamphuno.
Khethe. Nkhalamba ya galu wamiyendo itatu.
Galuyo analibe mzere wake papepala.
Khethe, khethe. Anamwino awiri oweruka usiku,
maso ali psuu, akuseka nkhani imene sindinaimve.
Pofika eyiti wanjinga anali mmodzi,
nayenso akuikankha, tcheni chili lende.

Ku ofesi kuli mapu aakulu ngati mphasa.
Mapaki asanu, iliyonse payokha,
ngati abale amene anayambana pamaliro
nasiya kuyenderana.
Pakati pawo msewu wa malole, njanji,
fakitale ya ubweya imene inatseka ine ndisanabadwe.
Mayi Hollis akufuna kuwasoka ndi ulusi umodzi
kuti mwana achoke padziwe la abakha
akafike pakatungwe wa kumtunda
tayala la basi lisanamunong'oneze kukhutu.
Pensulo yawo yobiriwira imakhota mwaulemu,
imalambalala malo a eni,
imapepesa pamphambano iliyonse.

Tsiku lachitatu manambala anga anawagwetsa nkhope.
Makumi anayi ndi awiri basi?
Nanga anthu ali kuti?

Anthu ndinali nditawaona.
Sadzera pageti.
Kuseri kwa fakitale wina anapinda waya wa mpanda,
kabowo kolowa munthu atawerama,
ndipo kuchokera pamenepo udzu unafa mowongoka,
kanjira kopyapyala ngati chingwe cha nsapato,
kodula pakati pa minga, kozemba chithaphwi,
kotulukira kumbuyo kwa sukulu.
Palibe anakajambula.
Palibe komiti inamwerapo tiyi.
Ndi mapazi a anthu ochedwa, m'mawa uliwonse,
kuvota osadziwa kuti akuvota.

Ndinakazindikira msanga.
Ndinakulira m'tinjira totere ku Zingwangwa,
todutsa pabwalo la mwini ukupereka moni,
ndipo sindinayembekeze kuti kuno, kwa anthu a zikwangwani,
phazi nalonso limaba chidule.

Lachinayi ndinawatengera komweko.
Nsapato zawo za mu ofesi zinamira mpaka m'kakolo.
Walira mvula walira matope, ndinatero chamumtima.
Anawerama pakabowo, chikhoto chinakodwa, kwee!
Kutsidya kunali Mayi Nasreen
akukweza ngolo ya khanda pamwamba pa mpanda,
khandalo ali nalo kukhwapa ngati mtolo wa zochapa.
Zaka zisanu ndi ziwiri, anatero, ndimadzera pano.
Mukaikapo nyale ndidzathokoza.
Mukatseka, tidzaboola pena.

Mayi Hollis sanayankhe.
Anayala mapu pabondo, mvula ikuwadonthera,
nayamba kufufuta mzere wawo ndi labala,
pang'onopang'ono, ngati akuchotsa munga m'chala cha mwana.
Kenaka anandifunsa: kamatulukira pati kwenikweni?
Ndinaloza. Chala changa chinasiya thope pamapu.
Sanalipukute.

Akuti zidutsa kaye kwa akuluakulu.
Akuti mwini fakitale ali kunja, sayankha makalata.
Akuti ndalama zikapezeka, zaka zitatu zikubwerazi,
adzathira phula, adzadzala mitengo,
adzapenta kanjinga koyera pansi
kuti aliyense adziwe mbali yake.
Chitupa changa chokhalira kuno chitha mu Epulo.

Lero ndabweza jekete.
Ndisanabweze kachitsulo ndinatsikanso kuseri kwa fakitale,
kukuda kale ngakhale inali folo koloko.
Ndinawerama, ndinadutsa,
waya anandikanda pakhosi ngati amandidziwa.
Ukayenda siya phazi, amatero kwathu.
Ndinaponda pofewa, dala, mpaka chidendene chinalowa,
kenaka ndinadina kamodzi.
Khethe.